Nsomba zotsalira anadya ndani?

Ambiri timamudziwa bakayawo. Dzinali linachokera ku Chipwitikizi, bacalhau, nsomba ya m'nyanja ya mchere imene Angerezi amaitcha cod. Mbiri ya malonda a nsomba imeneyi yandisiyira funso lomwe likukana kuchoka m'mutu: kodi wogulitsa ali ndi mlandu pa zimene wogula akukachita ndi katundu?

John Cabot atafika cha ku Newfoundland mu 1497, mbiri inawanda ku Ulaya kuti nsomba kumeneko n'zosayamba. Asodzi a ku Portugal, France, Spain ndi England anakhamukirako. Msika unalipo kale, poti Akatolika sankadya nyama Lachisanu ndi m'nyengo ya Lenti, ndipo nsomba yothira mchere n'kuyanika inkatha miyezi osawola.

Pofika zaka za m'ma 1700, amalonda a ku Boston, Salem ndi Marblehead, m'dera la New England ku America, anali atalemera nayo nsombayi. Ankagulitsa pa muyeso wotchedwa quintal, makilogalamu pafupifupi 51, koma asanaike mtengo ankayamba asankha. Zabwino, zouma bwino ndi zosathyoka, zinkapita ku Bilbao, Lisbon ndi madoko ena a kumwera kwa Ulaya, kumene ogula anali ndi maso komanso ndalama. Zothyoka, zopsa ndi dzuwa kapena mchere, zonanda, ankazitcha refuse, kunena kuti zotaya. Koma sankataya ayi. Ankazikweza m'zombo kupita ku Barbados, Jamaica ndi zilumba zina za ku Caribbean, kukadyetsa akapolo a ku Africa olima nzimbe. Pobwerera zombozo zinkanyamula shuga ndi manyuchi a nzimbe ophikira kachasu wa rum, ndipo wina mwa kachasuyo ankapita ku Africa kukagulira akapolo ena.

Tiyeni timupatse mpata wamalondayo adziteteze. Anganene kuti iye sanagwire munthu, sanakwapule munthu, anangogulitsa chakudya kwa wofuna kugula. Ndipo ali ndi mfundo ina yovuta kuikankhira kumbali. Nkhondo ya ufulu wa America itasokoneza malondawa, Britain n'kuletsa zombo za ku America kumadoko a zilumba zake, mphepo zamkuntho n'kuwononganso minda, nyumba ya malamulo ya ku Jamaica inawerengera kuti akapolo pafupifupi 15,000 anafa ndi njala ndi matenda obwera ndi njalayo pakati pa 1780 ndi 1787. Ndiye wamalonda uja ati, mwaona? Nsomba zanga zoipazo zinkasunga miyoyo.

Ine pamenepa sindikhutira. Akapolowo ankadalira chakudya cha m'zombo chifukwa eni minda anawerengera n'kupeza kuti nthaka yabwino ndi manja a kapolo zimapindula zikakhala pa nzimbe, chakudya n'kugula chotchipa kunja. Masamu amenewo ankatheka chifukwa nsomba yotchipayo inalipo. Wamalonda sanapeze anthu anjala panjira n'kuwachitira chifundo. Katundu wake anali m'kati mwa dongosolo lobweretsa njalayo.

Chinanso n'ichi. Kusukulu anatiphunzitsa kuti mtengo ndi pamene wogula ndi wogulitsa agwirizana, ndipo mayi wa ku Bilbao akanunkhiza nsomba n'kuikana, wogulitsa ankaphunzirapo. Ku Jamaica wogula anali wina, wodya anali wina. Mwini munda ankangofuna kuti munthu adzuke mawa kukadula nzimbe, basi. Lilime la wodyayo silinkafika pamsika. Ndiye mtengo wotsikawo ukutiuza za nsomba pang'ono, koma kwambiri ukutiuza mmene ankamuonera wodyayo. Ndipo wamalonda sangati sankadziwa, eti, pamene nsomba za gulu lotsikalo zinafika potchedwa West India, dzina la kumene zinkapita.

Sindikunena kuti msodzi wa ku Marblehead, amene ankazizidwa panyanja ndipo nthawi zambiri anali pangongole kwa wamalonda yemweyo, mlandu wake ndi wofanana ndi wa kapitawo wonyamula chikoti. Koma uja wokhala ndi buku la ndalama, wodziwa doko lililonse ndi mtengo wake, ndikumuika pafupi kwambiri ndi kapitawoyo kuposa mmene iye akanafunira.

Zidzukulu za akapolo aja zinaitenga nsombayo n'kuiphika mwaluso lawo. Lero chakudya chonyaditsa dziko la Jamaica ndi nsomba yamchereyo yophika ndi chipatso cha ackee, chomwe nachonso chinachokera kumadzulo kwa Africa pa zombo.