Mlendo amasiya liti kukhala mlendo?

Makolo athu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma alipo alendo ena amene dzuwa limawaomba osakamuka: amamanga nyumba, kubereka ana, ndi kuika maliro awo m'nthaka yomweyo. Kodi anthu otere amasiya liti kutchedwa obwera? Funsoli likutikhudza ife okhala m'matauni monga kuno ku Nkolokosa, kumene mwana wokulira m'tsinde mwa phiri la Soche, akamalemba fomu ya boma, amalembabe mudzi wa agogo ake umene mwina sanaupondepo.

Mbiri ya banja la a Maseko, mafumu a Angoni a ku Ntcheu, ingatiunikire. Makolo awo anachoka kummwera kwa Africa m'zaka za m'ma 1820 pothawa nkhondo za m'nthawi ya Shaka. Anawoloka Zambezi, ndipo motsogozedwa ndi Mputa anakafika ku Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Mputa anafera komweko, ndipo Chidyaonga anabweza mtunduwo nakaukhazika ku phiri la Domwe. Amene ananyamuka ali kumbuyo kwa amayi awo anafika ali ndi imvi.

Tisabise mawu: anthuwa sanabwere mopempha malo, anabwera ndi mikondo ndi zishango. M'chaka cha 1884 ankhondo a Chikuse, mwana wa Mputa, anawoloka Shire nakantha midzi ya kuno ku Blantyre, anthu nathawira m'mapiri ndi ku mishoni. Kwa othawawo, Mngoni anali mlendo woopsa.

Koma taonani mibadwo yotsatira. Angoni anakwatira akazi a mitundu imene anaipeza, ana nayamwa chiyankhulo cha amayi awo, mpaka Chingoni chinatsalira m'nyimbo za ngoma ndi m'mayina a mafuko. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 linadula dziko lawo pakati, Domwe nagwera ku Mozambique. Gomani, mwana wa Chikuse, anaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896 atakana kuwagonjera. Mwana wake, Philip Gomani, anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953. Boma linamuchotsa paufumu ndipo anamwalira mu 1954. Mdzukulu wa wothira nkhondo uja anavutikira ufulu wa dziko lonse, kuphatikizapo wa ana a anthu amene agogo ake anawathamangitsira kuphiri.

Ena amati mwini nthaka ndi amene anayamba kufika. Tikatsata muyeso umenewu tonse tigwa nawo. Achewa anapeza Akafula. Ayawo a Kapeni, amene amishoni anawapeza kuno mu 1876, nawonso anali atapeza Amang'anja. Alomwe ambiri anachokera ku Mozambique m'nthawi ya atsamunda. Ena amati kukhalitsa ndiko kumapatsa munthu umwini. Koma eni minda ya thangata anakhala zaka zambirimbiri pakati pa anthu, osalira nawo maliro, ndipo anakhalabe alendo.

Ine ndikuona kuti munthu amasiya kukhala mlendo tsiku limene mavuto a pamalopo asanduka mavuto ake. Umwini ndi ngongole imene timabweza pokumba nawo manda, pozimitsa nawo moto pa nyumba ya mnansi, ndi potaya nawo kanthu pamene malowo ali pachiswe. Ngongoleyi ili ndi mbali inanso. Mdzukulu amene amanyadira kulimba mtima kwa makolo ake povina ngoma ayeneranso kukumbukira midzi imene inapsa kuti iye apeze pokhala. Cholowa sasankha chokoma chokha.

Muyeso womwewu ukutiweruza ife. Ambiri takhala m'Nkolokosa zaka 20 kapena kuposera, komabe timati ndife ongodutsa, kwathu ndi kumudzi. Choncho ngalande ikatsekeka timangoilumpha, ndipo maliro a pakhomo loyandikana timangowamvera pawindo. Pamenepo timadzisandutsa tokha alendo, kwinaku tikuloza chala mnzathu wochokera dziko lina kuti ndi wobwera. A Maseko anafunika mibadwo ingapo ndi imfa za mafumu awiri kuti abweze ngongole yawo. Yathu ndi yopepuka, ndipo ingayambe kubwezedwa pa msewu umene tikukhalawu.