Musanakwere Sitima ku Durban

Adzukulu anga,

Uthenga wanu ndaumva, woti tchuthi cha chaka chino mukufuna kukachidyera pa sitima yaikulu yonyamuka ku Durban, ndipo mukufunsa ngati kumeneku sikumwaza ndalama. Ine ndikuti pitani. Mwakhetsa thukuta ku Joniko, kumudzi mumatumiza, ana a abale anu mumawalipirira sukulu, tsono munthu wotere akafuna kupuma masiku angapo asachite manyazi. Koma tcherani khutu pa ichi: chimene simunakonze muli pamtunda, pamadzi simukachikonzanso. Sitima ikangomasula zingwe, kulibe sitolo ina yoti mukayerekeze mitengo, kulibe ofesi ya boma, kulibe mbale woti mumuimbire kuti akuthamangitsireni chimene mwaiwala. Ulendo wa pa sitima umakoma kapena kuwawa munthu asanapondemo phazi.

Yambani ndi mapepala, osati zovala. Ngakhale ulendowo utakhala wa masiku atatu okha, wokafika ku Portuguese Island kapena ku Pomene n'kubwerera, dziwani kuti mukutuluka m'dziko la South Africa n'kulowa m'dziko la Mozambique. A zolowa ndi zotuluka amakhala padoko pomwepo, ndipo amadinda monga amadindira pa Beitbridge. Pasipoti ikhale ndi miyezi yosachepera 6 isanathe, kuwerengera kuyambira tsiku lobwerera, ndipo ikhale ndi masamba opanda chidindo. Koma chimene chimagwetsa a kwathu ambiri si pasipoti, ndi pemiti. Malamulo a South Africa a mu 2014 amati munthu amene wapyola masiku ake, akamatuluka amaletsedwa kubwereranso: akapyola ndi masiku osaposa 30 chiletso chake ndi chaka chimodzi, akapyola kuposa pamenepo ndi zaka 5. Taganizani, munthu wasiya nyumba, ntchito ndi ana ku Johannesburg, wapita kokasangalala, ndiye chidindo chimodzi chimutsekera khomo. Tsegulani mapasipoti anu lero lomwe, nonse awiri, muwerenge madeti ndi maso anu. Ngati pemiti ya mmodzi ikudikira kuwonjezeredwa, ulendowu uyambe wadikira. Nyanja siithawa.

Mnzanu wa kuntchito akakuuzani kuti viza siifunika, kumbukirani kuti akunena za pasipoti yake. Inu muli ndi ya Malawi. Ku Mozambique timalowa popanda viza, koma maulendo ena ataliatali amakafika ku Réunion, chilumba chimene chili m'manja mwa France, ndipo malamulo ake si a SADC. Funsani a kampani ya sitimayo za dziko lililonse limene ikaime, mutchule pasipoti yanu, ndipo yankho akupatseni lolemba. Mukatenga mwana, tengani kalata yake yobadwira yokhala ndi maina a makolo onse, ndiponso kalata ya chilolezo ngati kholo lina latsala.

Tsopano za ndalama, ndipo pamenepa ndichedwapo. Mtengo umene mumauona pa chithunzi chokongola cha malonda chija ndi wa munthu mmodzi, m'chipinda chogona awiri, ndipo kawirikawiri ndi wa chipinda chotsika mtengo kuposa zonse, pa sabata imene anthu sayendayenda. Pamwamba pake pamabwera msonkho wa doko, inshulansi, ndi ndalama ya antchito imene amawerengera munthu aliyense pa usiku uliwonse. Chakudya cha m'malo odyera akuluakulu chili kale m'tikitimo, komanso zisudzo za madzulo ndi madamu osambira. Koma zakumwa zoziziritsa kukhosi, mowa, madzi a m'botolo, intaneti, zithunzi zimene akujambulani polowa, kukonzetsa tsitsi, kuonana ndi dokotala, zonsezi n'zolipira padera. Safunsa anadya phula. Musanapereke ngakhale dipoziti, muuzeni wogulitsayo kuti akulembereni ndalama yonse, kuyambira polowa mpaka potuluka, komanso akuuzeni tsiku lomaliza kulipira ndi zimene mungataye mukasintha maganizo.

Mukalowa, amakupatsani khadi lokhala ndi dzina lanu. Khadi limenelo ndilo kiyi wa chipinda, ndilo chiphaso chotulukira ndi kulowera, ndilonso chikwama chanu. M'sitima simugwira ndalama m'manja. Mukafuna kanthu mumangopereka khadi, n'kulandira, n'kumapita, ndipo mtima sumva kuwawa chifukwa palibe chimene chatuluka m'thumba. Ndaonapo bambo wina m'mawa wa tsiku lotsika ataima pamzere wa ofesi yolipirira, pepala lili m'manja likunjenjemera, akuwerenga mzere ndi mzere, mkazi wake atayang'ana kumbali. Mitengo inali m'madola a ku America, iye m'mutu ankaiwerenga m'marandi. Inu gwirizanani muli kunyumba kuti pa tsiku mudzagwiritsa ntchito zingati, ndipo madzulo aliwonse muziona zimene zalembedwa pa khadi lanu. Ngati mumakonda zakumwa, pali mtolo wolipiriratu umene nthawi zambiri umatsikirako mtengo mukaugula ulendo usanayambe, koma werengerani moona mtima ngati mungamwedi zochuluka choncho. Ku chipinda cha juga musapiteko n'komwe.

Ulendowu musaukongolere. Ngati muli m'chipereganyu kapena mu stokvel, dikirani mwezi wanu. Katapila wotengera chisangalalo amatsala akuluma khungu litayera kale. Ndipo ndalama muzilipira ku kampani yeniyeniyo kapena kwa ejenti wodziwika, monga amene ali m'bungwe la ASATA. Munthu wa pa Facebook kapena pa WhatsApp amene akuti ali ndi zipinda zotsala zotchipa, mumutumizire ndalama ku akaunti yake lero lomwe, ameneyo mutalikireni.

Foni nayo imadya munthu mwakachetechete. Sitima ikatalikira gombe, foni imalumikizana yokha ndi netiweki ya m'sitimamo yodzera pa setilaiti, ndipo mtengo wake ndi woopsa. Ikani foni pa airplane mode musanatuluke m'doko. A kumudzi auzeniretu kuti mukhala chete masiku angapo, asade nkhawa.

Sitima za kampani ya MSC zimagwira ntchito ku Durban m'nyengo yotentha, kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Epulo. Disembala ndiye wodula ndiponso wodzaza, chifukwa sukulu zatsekera ndipo aliyense walandira bonasi. Koma nyengo yomweyi ndi ya anamondwe m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar, makamaka kuyambira Januwale mpaka Malichi. Ife sitifunika kuuzidwa za Idai wa mu 2019 kapena Freddy wa mu 2023, maliro ake tinalira tokha. Sitima zamakono zimaona namondwe akadali kutali n'kumuzemba, choncho musaope. Chimene muyenera kudziwa n'chakuti kaputeni ali ndi mphamvu yosintha njira kapena kulumpha doko, ndipo tikiti yanu imavomereza zimenezo. Mukagula ulendowu chifukwa cha chilumba chimodzi chokha, mungadzabwere mutakhumudwa. Gulani chifukwa cha sitimayo, chilumbacho chikhale basera.

Za chipinda, musadzivute. Chamkati chopanda zenera n'chotchipa, ndipo pa ulendo waufupi mumangobweramo kudzagona. Chokhala ndi khonde n'chokoma kwa amene ali nazo. Chofunika kwambiri ndi malo ake. Kutsogolo, kumbuyo ndi pamwamba ndi kumene kumayendeza munthu uku ndi uku. Pakati pa sitima, m'munsi, ndi pamene pamadekha. Yang'ananinso chimene chili pamwamba pa denga lanu, chifukwa pansi pa malo ovinira simudzagona.

Musanene kuti poti munakwerapo Ilala nthawi ya mwera ndiye mseru simuudziwa. Nyanja yathu ili ndi ukali wake, koma mafunde a nyanja yamchere ndi aatali ndi olemera, amakweza sitima yonse pang'onopang'ono n'kuitsitsa, ndipo mimba imatembenuka mwa mtundu wina. Pitani ku famase musananyamuke, mufunse mankhwala a mseru wa paulendo, ndipo muwamwe sitima isanayambe kuyenda, osati mutayamba kale kusanza. Chizungulire chikakugwirani, musadzitsekere m'chipinda. Tulukani panja pamphepo, muyang'ane kutali kumene madzi akumana ndi thambo, mudye kanthu kouma. Jinja amathandizanso ena.

Ku Durban mukafike dzulo lake. Kuchoka ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 570 pa msewu wa N3, ndipo pa Van Reenen ngozi ya thiraki imodzi kapena nkhungu imatha kuimitsa magalimoto maola ambiri. Basi ikachedwa, sitima siidziwa zimenezo, ndipo ndalama sabweza. Kagoneni kwa abale kapena pa malo ogona otchipa. Padoko, pa Nelson Mandela Cruise Terminal, masutikesi aakulu mumawasiya pakhomo ndipo amafika kuchipinda patapita maola. Choncho mapasipoti, matikiti, mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku, chaja ndi chovala chimodzi chosinthira zikhale m'kachikwama ka m'manja. Mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV tengani opitirira masiku a ulendowo, m'mabotolo ake enieni. Ayironi ndi ketulo siyani, amalanda poopa moto. Ndipo iwe mdzukulu wanga wamkazi, ngati pali kanthu kamene simunatiuze, dziwa kuti pakati pakafika masabata 24 makampani a sitima salola mayi kukwera.

Sitima isananyamuke, kapena ikangonyamuka, amaitana aliyense kuti aphunzire zochita pa ngozi. Anthu ambiri amapita monyinyirika, kapu ili m'manja, akucheza. Inu musatero. Pa 4 Ogasiti 1991 sitima yotchedwa Oceanos, imene inkachokera ku East London kupita ku Durban komweko, inamira pafupi ndi Coffee Bay madzi atalowa usiku kuli mkuntho. Munali anthu 571 ndipo onse anapulumuka, ena pa maboti, ena atanyamulidwa ndi mahelikopita a asilikali, ndipo amene anatsogolera anthu pa nthawi yovutayo anali oimba ndi osangalatsa alendo, monga Moss Hills. Pa 13 Januwale 2012 Costa Concordia inagunda mwala pafupi ndi chilumba cha Giglio ku Italy, anthu 32 anafa, ndipo amene anakwera tsiku limenelo anali asanaphunzitsidwe kothawira. Ndi ngozi imeneyi imene inachititsa kuti lamulo lisinthe, phunzirolo lizichitika poyambirira penipeni. Sindikukuopsezani, ngozi zotere n'zosowa kwambiri. Ndikufuna mudziwe malo anu osonkhanira, amene alembedwa pa khadi lanu ndi kuseri kwa chitseko. Muyende ndi mapazi kuchokera kuchipinda mpaka kumeneko, podzera pa masitepe osati pa lifiti. Jekete yoyandamitsa muivale ndi manja anu, mumange lamba wake mpaka mutazolowera. Chizindikiro cha ngozi ndi kulira kwa hutala kafupikafupi ka 7 kenako kamodzi kotalika.

Ku Portuguese Island, pafupi ndi Inhaca kunja kwa Maputo, kulibe doko loti sitima yaikulu n'kukocheza. Imaima patali, anthu n'kumatsikira m'maboti aang'ono, monga imachitira Ilala pa Usisya kapena pa Ruarwe. Valani nsapato zosaopa madzi, foni muikulunge m'pulasitiki, ndipo pokwera boti gwirani dzanja la wantchito ngakhale mukudziona amphamvu. Nyanja ikakwiya satsitsa munthu, ndipo zikatero musakangane nawo. Dzuwa la pamchenga limawotcha ngakhale khungu lathu lakudali, tengani chipewa ndi mafuta oteteza. Musaiwalenso kuti Mozambique ndi dziko la malungo, ndipo thupi limene lakhala zaka ku Johannesburg linaiwala kulimbana nawo. Mukadzamva kutentha thupi mutabwerako, kayezetseni msanga ndipo mumuuze dokotala kumene munali.

Pa doko lililonse amalemba nthawi yoti aliyense akhale atabwerera. Jambulani chikwangwanicho. Tsatirani nthawi ya m'sitima, osati ya foni, chifukwa foni imasintha yokha. Ku Mauritius, mwachitsanzo, ali patsogolo ndi maola awiri. Amene apita kokaona malo pa ulendo wokonzedwa ndi a sitima, akachedwa amadikiridwa. Amene apita paokha pa takisi sadikiridwa. Kuyenda panokha n'kotchipa ndipo sindikukuletsani, koma bwererani kutatsala ola lathunthu.

Chakudya chidzakhala chambiri kuposa chimene munaonapo pa ukwati uliwonse. Tengani chimene mungamalize, mubwererenso ngati simunakhute. Mbale yodzaza yosiyidwa patebulo imandipweteka mtima, podziwa kumene tichokera. Sambani m'manja ndi sopo musanadye ndiponso pochoka kuchimbudzi, chifukwa matenda otsegula m'mimba amayenda msanga pamene anthu masauzande akugwira zipande zomwezo, ndipo mankhwala opaka m'manja aja paokha sakwanira.

Amene adzakuyalireni bedi ndi kukuperekerani chakudya ndi ana a eni ake, ochokera ku Philippines, Indonesia, India, ena a ku South Africa komweko. Amakhala miyezi yambiri osaona mabanja awo, akugwira ntchito tsiku lililonse kuti atumize kwawo. Inu moyo umenewo mukuudziwa bwino kuposa alendo ena onse m'sitimamo. Werengani dzina pa chifuwa chake, mumutchule nalo, mumupatse moni. Akakutumikirani bwino, kanthu kapadera m'manja mwake pa tsiku lomaliza sikadzakusaukitsani.

Usiku womaliza adzakuuzani kuti muike masutikesi panja pa chitseko musanagone, ndipo simudzawaonanso mpaka padoko. Patulani zovala za m'mawa, nsapato, mankhwala ndi mapasipoti musanatseke zipi. Pepala la ngongole ya pa khadi liwerengeni usiku womwewo, ndipo ngati pali cholakwika kakonzeni nthawi yomweyo, chifukwa m'mawa mzere umakhala wautali ndipo mukatsika kudandaula kumavuta. Basi kapena ndege yobwerera ku Joni ikhale ya masana, poti kutulutsa anthu onse aja ndi kudinda mapasipoti awo kumatenga maola. Mukafika kunyumba mundiimbire, ndimve kuti mwayenda bwanji.

Ndine agogo anu.