Odi Pakhomo Lopanda Eni

Tinafika ku Edfu m'mamawa, dzuwa lisanayambe kuwotcha. Edfu ndi tawuni ya m'mbali mwa mtsinje wa Nile, pakati pa Luxor ndi Aswan, ndipo kumeneko kuli kachisi wa Horus, mulungu amene anthu akale a ku Egypt ankamujambula ndi mutu wa mphamba. Anayamba kumumanga m'chaka cha 237 Yesu asanabadwe n'kudzamumaliza m'chaka cha 57, zaka 180 zosema ndi kusenza miyala. Ndi mmodzi mwa akachisi amene sanagumuke kwenikweni, chifukwa mchenga unamukwirira kwa nthawi yaitali mpaka Auguste Mariette atayamba kumufukula cha m'ma 1860. Denga lilipo, zipinda zilipo.

Kachisiyu amakumeza pang'onopang'ono. Umayambira pa chipata chotalika mamita 36, kenako bwalo lowala, kenako chipinda chachikulu cha nsanamira. Ukamapitirira, pansi pamakwera, denga limatsika, kuwala kumachepa, mpaka umafika pa chipinda chomaliza. M'menemo muli kanyumba kosemedwa pa mwala umodzi wosalala, kolembedwa dzina la mfumu Nectanebo II, ndipo m'kanyumbamo ndi momwe munkakhala chifanizo cha Horus.

Tinaima pakhomo pa chipindacho tikukankhana, aliyense foni m'mwamba. Nanenso ndinakweza yanga. Koma ndisanajambule, pakamwa panga panatuluka liwu limene sindinalikonze: "Odi." Ndinalinena chapansipansi, ndipo ndinachita manyazi ngati mwana wogwidwa akulankhula yekha. Ndimaodira ndani? Funso limeneli landitsatira mpaka lero.

Kwathu, inu mukudziwa, sulowa pakhomo pa munthu usanaodire, ngakhale chitseko chikhale chotsegula. Kumanda ndiye osanena: sungangolowa chifukwa choti waona mthunzi wabwino, pamafunika chilolezo cha amfumu. Ndiye mwina lilime langa linangotsata chizolowezi. Koma nditamva mmene eni kachisi ankalowera m'chipinda chimenecho, ndinaona kuti odi wanga anali wochepa kwambiri.

Munthu wamba sankaponda m'menemo. Ankalowa ndi mfumu kapena wansembe wamkulu woimira mfumu, atasamba, atameta, atavala nsalu yoyera. M'mawa uliwonse ankaswa chidindo chadothi chomwe anamata pa zitseko za kanyumba kaja, n'kusambitsa chifanizo, kuchiveka, kuchifukizira lubani ndi kuchiikira chakudya. Akamaliza ankatuluka chafutambuyo, akusesa ndi tsache pofafaniza mapazi ake, kuti m'chipinda cha mulungu musatsale chizindikiro choti munalowa munthu. Anthu wamba ankathera kunja. Ku Karnak, kuseri kwa kachisi wamkulu wa Amun chakum'mawa, kunali malo amene ankati ndi a khutu lakumva. Kumeneko mlimi kapena mayi wosowa mwana ankanena mavuto ake, khoma lili pakati pa iye ndi mulungu.

Tsono ine, mlendo wa nsapato zafumbi, botolo la madzi m'khwapa, ndinafika pomwe iwo sanafikepo moyo wawo wonse. Kodi ndinalakwa?

Yankho lofulumira ndi lakuti ayi, ndipo lili ndi mfundo. Choyamba, palibenso amene amapembedza Horus m'kachisimo. Chipembedzocho chinatha pang'onopang'ono. Pa kachisi wa Isis ku Philae pali mawu omaliza odziwika amene analembedwa m'zilembo zakale zija za zithunzi, a m'chaka cha 394. Patapita zaka zoposa 100, mu ulamuliro wa mfumu Justinian, kachisiyo anatsekedwa ndipo mbali ina inasanduka tchalitchi. Mitanda yosemedwa pa miyala ilipo mpaka pano. Ku Luxor, m'kati mwenimweni mwa kachisi wakale muli mzikiti wa Abu el-Haggag, ndipo anthu amapempheramo lero lino. Malo amenewa akhala akusintha eni.

Chachiwiri, ngati kupatulika kuli m'nthaka, ndiye ku Philae kunamira. Madzi a damu la Aswan atazinga chilumbacho, kachisi yense anamuphwasula mwala umodzi umodzi m'zaka za m'ma 1970, n'kukamumanganso pa chilumba china chotchedwa Agilkia. Ku Abu Simbel chimodzimodzi: pakati pa 1964 ndi 1968 anacheka akachisi awiri a Ramesses II m'zidutswa n'kuwakweza mamita 65. Wopita kumeneko lero amaponda nthaka imene wansembe sanaipondepo.

Chachitatu, ndipo ichi ndi chimene chimandikoka mtima, lamulo loletsa anthu wamba lija silinali la mulungu yekha, linalinso la mafumu. Amene ankalima minda ya kachisi, amene ankakoka miyala padzuwa, ndi omwewo ankaima kunja. Ndikanabadwa nthawi imeneyo, ine mwana wa mlimi, malo anga akanakhala kuseri kuja. Ndiye kuona ana asukulu a ku Egypt akuthamanga pakati pa nsanamira 134 za ku Karnak, kodi si chilungamo chimene chinangochedwa? Komanso eni dziko a lero, Asilamu ndi Akhristu, ndi amene atsegula zipata, ndipo mabanja ambiri ku Luxor ndi ku Aswan amadya chifukwa cha alendo.

Zonsezi ndikuvomera. Kulowa si tchimo. Koma mtima wanga sunakhazikike, ndipo chimene chinandithandiza kumvetsa chifukwa chake ndi mayina.

Mukayang'anitsitsa makoma a akachisiwa mupeza mayina a alendo ogobedwa pamwamba pa zosema zakale. Ku Abu Simbel, pa mwendo wa chimodzi mwa zifanizo zikuluzikulu za Ramesses, asilikali achigiriki aganyu anagobapo mayina awo zaka pafupifupi 600 Yesu asanabadwe. Ku Philae asilikali a Napoleon analemba pa chipata za ulendo wawo mu 1799. Apaulendo a ku Ulaya a m'zaka za m'ma 1800 ndiye anachita kunyanya, dzina ndi chaka, nthawi zina pathupi penipeni pa mfumu kapena mulungu. Onsewa ankanena chinthu chimodzi: ine ndinafika pano. Taonani kusiyana kwake. Wansembe, amene anali ndi ufulu wonse wolowa, ankafafaniza mapazi ake. Mlendo, wongodutsa, ankafuna kuti dzina lake lisafafanizike.

Ndisadziyeretse, abale. Foni yanga ija ndinaikweza kuti inenso ndinene kuti ndinafika. Sindinagobe mwala, inde, koma njala yake ndi yomweyo: kufuna kuti nyumba ya eni isanduke khoma loimapo ine pojambulitsa, anzanga a pa Facebook aone.

Pa makoma omwewo palinso zipsera za mtundu wina, timaenje tatitali tosalala ngati pomwe anthu amanolerapo mipeni. Akuti anthu ankapala mwalawo kuti atenge fumbi lake ngati mankhwala kapena dalitso. Nawonso anawononga khoma, sitingakane. Koma anabwera ali ndi chosowa, akukhulupirira kuti pamalopo pali china choposa iwo. Sanasiye dzina. Ndikaona timaenje timeneti ndimaona munthu wodwala, kapena wodwazika mwana, ndipo ndi iyeyo amene ndikuganiza kuti ndinamuodira ku Edfu.

Ine Horus sindimukhulupirira. Koma ndikukhulupirira kuti kwa zaka mazanamazana anthu ankabwera pamalo amenewa ndi mantha awo enieni: kuti Nile asefukire mokwanira chaka chino, kuti mayi achire bwino, kuti womwalira akafike. Mulungu wawo anaiwalika, koma misozi yawo inali yeniyeni ngati yathu. Manda sasiya kukhala manda chifukwa choti abale a malemu anasamuka kapena anatha onse. Amene amadula mitengo kumanda osiyidwa salakwira mzimu wokha. Amaonetsa kuti kwa iye munthu amalemekezeka pokhapokha ngati pali womulondera.

Ndipo ndazindikira kuti odi sitimunena chifukwa choti tikudziwa kuti m'nyumba muli munthu. Nthawi zambiri timamunena tisakudziwa. Ntchito yake ina ndi yokumbutsa wonenayo kuti pano si pake. Tikiti imakutsegulira chipata, koma siyikusandutsa mwini. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Mame amagwa, amanyowetsa udzu, dzuwa likatuluka osaonekanso pomwe anali.

Ndiye mukadzapita, pitani ndithu, ndipo lowani mpaka pomwe akuloleza. Koma tsitsani mawu. Utoto umene ukuonekabe pa denga ndi pa nsanamira musaukhudze, wapirira zaka masauzande popanda thukuta la m'manja mwanu. Yambani mwaona ndi maso musanaone ndi foni. Ndipo pakhomo pa chipinda chomaliza imani pang'ono, ngakhale akumbuyo akukankheni.

Chithunzi chija ndinajambula, ndisaname. Chinatuluka chamdima, kanyumba ka Horus kosaoneka bwino, ndipo sindinachitumize kwa aliyense. Potuluka tinapeza bambo wina wachikulire, atavala mkanjo wautali, akusesa m'mbali mwa bwalo fumbi lobwera ndi nsapato zathu. Sindikuganiza kuti ankaganizira za wansembe wakale. Anali pa ntchito basi. Ndinapatuka kuti ndisaponde pomwe anasesa kale. Anakweza mutu n'kundigwedezera, ine ndinamugwedezeranso, n'kutuluka.