Khutba ya Lachisanu: Banja Lolendewera ndi Udindo wa Ankhoswe

KHUTBA YOYAMBA

Timtamande Allah, Mwini ulemerero, amene watisunga ndi moyo natisonkhanitsa lero m'nyumba Yake. Ndikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake komanso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake ndi pa Maswahaba ake onse.

Akapolo a Allah, ndikudzilangiza ndekha ndi kukulangizani inu kuti tiope Allah poyera ndi mseri, makamaka kuseri kwa zitseko za nyumba zathu, kumene kulibe Shehe kapena mfumu wotiona.

Asilamu anzanga a kuno ku Fíngoè, lero ndikambe za banja limene silinathe koma silikuyenda. Tonse tikulidziwa. Bambo adanyamuka kupita kumalasha ku Moatize, kapena kukapha kapenta ku Cahora Bassa, kapena adaoloka malire kunka ku Zambia. Miyezi yoyamba ankaimba foni ndi kutumiza kangachepe pa M-Pesa. Kenaka kudangoti zii. Mayi akulima yekha, ana akadwala akuthamanga nawo yekha kuchipatala, ndipo akafunsidwa ngati ali pabanja akusowa poyankha. Palinso ena amene sadapite kutali. Akugona denga limodzi, koma papita miyezi osalankhulana, uthenga ukudzera mwa ana.

Qur'an idautchula mkhalidwe umenewu. Mu Surat An-Nisa, ndime 129, pamene Allah akuchenjeza mwamuna wokondera mkazi mmodzi, akumuletsa kusiya winayo ngati chinthu chopachikidwa m'malere, wosakhala wokwatiwa, wosakhalanso womasuka. Mu Surat Al-Baqarah, ndime 226 ndi 227, mwamuna amene walumbira kuti sayandikira mkazi wake wapatsidwa malire a miyezi inayi. Ikakwana, abwerere kwa mkazi wake kapena amumasule. Maulama akufotokoza kuti Aluya asanalandire Chisilamu ankatha kuzunza mkazi ndi lumbiro lotere kwa chaka kapena kupitirira, ndipo Allah adatseka khomo limenelo.

Kumbukirani nkhani ya Khawla bint Tha'laba, Allah asangalale naye. Mwamuna wake, Aws ibn As-Samit, atapsa mtima adamufanizira ndi mayi ake omubereka, mawu amene pachikhalidwe cha nthawi imeneyo ankamchotsera mkazi ufulu wake wa m'banja. Khawla sadakhale chete kulira kumbuyo kwa nyumba. Adapita kwa Mtumiki (SAW) nadandaula kuti utsikana wake udathera m'nyumba ya mwamunayo, ndipo tsopano atakalamba akutayidwa pamodzi ndi ana. Allah adamva dandaulo lake, navumbulutsa chiyambi cha Surat Al-Mujadila, sura ya 58. Dipo la mawu otere lidaikidwa lolemera: kumasula kapolo, kapena kusala miyezi iwiri yotsatizana, kapena kudyetsa osauka 60. Abambo, mawu amene mumaponya mutakwiya amalembedwa, ndipo misozi ya mkazi wanu ili ndi Woimva.

Mikangano m'banja si chizindikiro chakuti mulibe chikhulupiriro. Imam Bukhari adasimba kuti tsiku lina Mtumiki (SAW) adafika kunyumba kwa mwana wake Fatima napeza kuti Ali kulibe, chifukwa awiriwo adasemphana mawu. Mtumiki adamufunafuna mpaka kumupeza atagona mumzikiti, fumbi litamumata m'nthiti. Adamusasa fumbilo ndi dzanja lake, namuitana mwanthabwala kuti Abu Turab, kutanthauza mwini fumbi, ndipo dzina limenelo Ali adalikonda moyo wake wonse. Taonani mpongozi wanzeru. Sadafike ndi mkwiyo kudzatenga mwana wake, ndiponso sadanene kuti za m'nyumba sizimukhudza. Adanyamuka tsiku lomwelo, moto usadakule.

Imeneyi ndiyo njira imene Allah adaikhazikitsa mu Surat An-Nisa, ndime 35. Pakaoneka kuti banja likung'ambika, pasankhidwe woyanjanitsa mmodzi wochokera kuchimuna ndi wina wochokera kuchikazi, ndipo Allah walonjeza kudalitsa ntchitoyo ngati cholinga chili chokonza. Ife sitisowa womasulira pamenepa, pakuti makolo athu adatisiyira ankhoswe. Koma unkhoswe wathu wasanduka wa tsiku la nikah lokha. Tidya mpunga, tivina, kenaka nkhoswe osaonekanso mpaka tsiku logawana mbale ndi mapoto. Dziwani kuti unkhoswe ndi amana, ndipo mudzafunsidwa za iwo pa Tsiku la Chiweruzo. Nkhoswe woona amayendera banja lisadadwale, amamva mbali zonse ziwiri, sakondera mphwake, ndipo zimene wamva sazitengera kumsika.

Inunso eni banja, musabise matenda chifukwa choopa kusekedwa. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Ndanena mawu angawa, ndikupempha Allah chikhululuko changa ndi chanu. Mpempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTBA YACHIWIRI

Timtamande Allah monga kuyenera ukulu Wake, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake.

Abale ndi alongo, nanga ankhoswe akayesetsa koma osaphula kanthu? Chisilamu sichimangirira anthu m'nyumba imene yasanduka ndende. Surat Al-Baqarah, ndime 229, yapereka njira ziwiri zokha kwa mwamuna: kukhala ndi mkazi mwaubwino kapena kulekana naye mwaulemu. Mkazi wa Thabit ibn Qays atauza Mtumiki (SAW) kuti sangathenso kukhala ndi mwamuna wake, ngakhale sadampeze chifukwa pa chipembedzo kapena pa khalidwe, Mtumiki adamufunsa ngati angabweze munda umene adalandira ngati mahari. Atavomera, banjalo lidathetsedwa mwamtendere.

Maiko ena adayesa kutsekeratu khomo limeneli. Ku Ireland, dziko la ku Ulaya, malamulo aakulu a 1937 adaletsa kuthetsa ukwati, ndipo anthu ambiri adakhala zaka atapatukana koma osaloledwa kukwatiranso, mpaka voti ya 1995 idasintha lamulolo ndi kusiyana kwa mavoti osakwana 10,000. Kuletsa chisudzulo sikudachiritse mabanja osweka. Komanso talaka yotumiza pa foni usiku munthu atakwiya siichiritsa kanthu. Surat At-Talaq ikulamula kuti mkazi asatulutsidwe m'nyumba yake m'nyengo ya eda, kuti mitima ipeze mpata wozizira ndipo mwina awiriwo nkubwererana.

Mawu akuti pirira tiwagwiritse ntchito moopa Allah. Kupirira umphawi, matenda ndi zofooka za mnzako ndi sabr imene ili ndi malipiro. Koma kubweza mwana wamkazi wotupa nkhope kwa amene wamumenya, nkumuuza kuti banja ndi kupirira, ndiko kuthandiza wopondereza. Mayi Aisha, Allah asangalale nawo, adachitira umboni kuti Mtumiki (SAW) sadamenyepo mkazi kapena wantchito ndi dzanja lake. Ndipo lamulo la dziko lathu la Mozambique, nambala 29/2009, likuti nkhanza za m'banja kwa amayi ndi mlandu. Nkhoswe amene wapeza zotere ateteze wovulazidwayo choyamba, ndipo asatsekereze njira ya kuchipatala ndi ya kupolisi.

Choncho tisatuluke muno chimanjamanja. Inu amene muli ndi m'bale kutali amene adasiya mkazi kuno, muimbireni lero lino, mumuuze kuti atumize chakudya cha ana ndi kunena poyera maganizo ake. Inu ankhoswe, Lachisanu likudzali lisafike musadaponde pakhomo la banja limene mudaliimira. Inu amene mwakhala osalankhulana, woyamba kupereka salaam ndiye wopambana pamaso pa Allah.

E, Allah, yanjanitsani mitima ya amuna ndi akazi awo. Abwezeni kwawo amene adasochera kutali, apatseni ankhoswe athu nzeru ndi chilungamo, ndipo amene alekana muwalemeretse aliyense ndi zabwino Zanu. Tetezani ana athu ku zowawa za mikangano yathu. Dalitsani minda yathu ndi mvula yabwino, ndipo mukhululukire makolo athu amoyo ndi amene adatsogola. Ameen.

Imirirani tipemphere Swala.