Kodi Kuyeza Chotupa cha Pakhosi n'Kuombeza Ula?

Munthu akatupa pakhosi ku Furancungo, likulu la boma la Macanga ku Mozambique, anthu amangoti ndi chithokomiro. Nthawi zambiri amakhala akunena zoona: kumapiri otalikirana ndi nyanja yamchere chakudya chimaperewera ayodini, ndipo kutupa kotereku si khansa. Koma zotupa zina zochepa zimakhala khansa, ndipo masiku ano madokotala amatha kuona m'kachidutswa ka chotupa ngati nthendayo ikhale yofatsa kapena yolusa. Mu 2003 ofufuza anapeza kuti jini yotchedwa BRAF imakhala itasintha m'zotupa zambiri za mtundu wa papillary, womwe ndi wofala kwambiri. Mu 2013 kunapezekanso kusintha kwa jini ina yotchedwa TERT, ndipo Mingzhao Xing ndi anzake ku Johns Hopkins anasonyeza kuti ziwirizi zikakumana m'chotupa chimodzi, khansayo imakonda kubwereranso pambuyo pa opaleshoni. Wokhulupirira, kaya ndi wa Reformada kaya wa Katolika, ali ndi chifukwa chofunsira ngati uku si kuombeza kumene Deuteronomo 18 amaletsa.

Ine ndikuti si kuombeza. Woombeza amalankhula za munthu mmodzi ngati zake zinatha kale, ndipo palibe angafufuze kumene wazitenga. Chizindikiro cha m'chotupa chimangonena zimene zinachitikira odwala ambiri okhala ndi chotupa chotero, zomwe dokotala wina angathe kuziwerenganso n'kuzitsutsa. Sichitchula tsiku la imfa. Ntchito yake n'kuthandiza kusankha lero: kuchotsa chithokomiro chonse kapena mbali imodzi, kupereka mankhwala a ayodini wa radioactive kapena ayi. Akachotsa chonse, amayeza puloteni yotchedwa thyroglobulin m'magazi. Ikayamba kukwera, amadziwa msanga kuti nthenda yadzukanso. Amene amati Mulungu yekha ndiye adziwa masiku a munthu sakunama, koma Mulunguyo sanaletse mlimi wa fodya kuyang'ana mitambo asanawokere mbande.

Mtsutso wolemera ndi wakuti kudziwa kumavulazanso. Ku South Korea anthu atayamba kuunikidwa pakhosi mwaunyinji, opezeka ndi khansayi mu 2011 anachuluka ka 15 kuyerekeza ndi 1993, pamene omwalira nayo sanachepe. Ambiri anachotsedwa chithokomiro n'kumamwa mapiritsi moyo wonse chifukwa cha tizotupa tomwe sitikanawapha. Izi n'zowawa, komabe zikuonetsa kuipa kodziwa moperewera: anadziwa kuti chotupa chilipo osadziwa khalidwe lake. BRAF payokha imaloseranso moperewera, n'chifukwa chake dokotala woona mtima amaiyika pamodzi ndi msinkhu wa wodwala, kukula kwa chotupa ndi mmene chafalikira.

Wina anena kuti zonsezi n'za kwa eni ndalama, poti wodwala wa ku Macanga kapena Tsangano amavutika ngakhale kufika kuchipatala chachikulu cha Tete, ndipo makina owotcha khansa m'dziko muno anayamba kugwira ntchito mu 2019 ku Maputo. N'zoona, koma wosauka ndiye amene kusadziwa kumamudyera zambiri. Banja lomwe likuganiza zogulitsa chimanga kapena mbuzi kuti mayi apite kuchipatala cha ku Beira liyenera kumva ngati ulendowo ndi wa mwezi uno kapena ungadikire kukolola. M'busa akauza banja lotero kuti kuyezetsa n'kukayika Mulungu, walisiya lisankhe mumdima.