Kodi Ndani Amakusankhirani Mdani?

KUMPOTO kwa Johannesburg kuli Diepsloot, malo amene anadzala anthu kuyambira chapakati pa ma 1990. Pakati pa nyumba zake za malata mungamve Chizulu, Chishona, ndi Chicheŵa zikulankhulidwa pampopi umodzimodzi. Komabe, m'May 2008 chiwawa cholimbana ndi alendo chimene chinabuka ku Alexandra chinafika ku Diepsloot m'masiku oŵerengeka chabe. M'dziko lonselo anthu 62 anaphedwa, ndipo ena a iwo anali nzika za South Africa yemweyo. Anansi amene anali kupemphana mchere anadzuka ali adani.

Kodi zimatheka motani kuti munthu aukire mnzake amene sanamlakwire? Ndipo ngati wina ndiye wamsonyeza mdaniyo, kodi liwongo limakhala la yani? Mafunso ameneŵa saali atsopano. Makolo a Amalaŵi okhala ku Diepsloot anayang'anizana nawo mkati mwa Nkhondo Yadziko I.

Mabwenzi Aŵiri Panyanja

Pa June 28, 1914, Archduke Franz Ferdinand wa ku Austria-Hungary anawomberedwa ku Sarajevo. Panthaŵiyo maboma aakulu a ku Ulaya anali atamangana ndi mapangano otetezerana. Germany anaima ndi Austria-Hungary. Russia, France, ndi Britain anaima kumbali ina. Chotero mkangano wa maiko aŵiri unakoka onsewo, ndipo lililonse linakokera m'nkhondomo maiko amene linali kulamulira kutsidya la nyanja. Nyasaland anali m'manja mwa Britain, pamene dziko la kumpoto kwa mtsinje wa Songwe linali m'manja mwa Germany.

Talingalirani zimene zinachitika panyanja ya Malaŵi chapakati pa August chaka chimenecho. Sitima ya Angelezi yotchedwa Gwendolen, yoyendetsedwa ndi Kaputeni Rhoades, inafika ku Sphinxhaven, kumene lerolino kumatchedwa Liuli, niwombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann imene inali pamtunda ikukonzedwa. Kaputeni wachijeremaniyo anali bwenzi la Rhoades, ndipo aŵiriwo anali kumwera pamodzi. Kukusimbidwa kuti iye anapalasa bwato mwaukali kudzafunsa ngati mnzakeyo anali ataledzera. Uthenga wakuti nkhondo yayamba unali usanamfike! Palibe chimene chinasintha pakati pa amuna aŵiriwo kusiyapo lamulo lochokera kutali.

Nkhaniyo kaŵirikaŵiri imasimbidwa moseketsa. Koma zimene zinatsatira sizinali zoseketsa konse. Pa September 9, asilikali a King's African Rifles anamenyana ndi gulu lankhondo la Ajeremani ku Karonga. Kumbali zonse ziŵiri akuluakulu anali Azungu, koma unyinji wa ogwira mfuti anali Aafirika, amene sanadziŵe nkomwe kumene Sarajevo anali.

Katundu Pamutu

Pokhala misewu inali yochepa ndipo kashembe anali kupha ziŵeto zonyamula katundu, chakudya ndi zipolopolo zinayenda pamitu ya anthu. Olemba mbiri amayerekezera kuti anthu a ku Nyasaland pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga. Ambiri sanadzipereke okha. Boma linafuna amuna kwa mafumu, ndipo mafumu anatumiza anthu awo, nthaŵi zina ogwidwa usiku. Zikwi zambiri anafa ndi kamwazi, chibayo, malungo, ndi njala, osati ndi mfuti. Kumudzi minda inatsala yosalimidwa. Okalamba anaikumbukira nkhondoyo ndi dzina lakuti Chiwaya, dzina limene anapatsa mfuti yolira mosalekeza.

Aafirika a ku South Africa nawonso ananyamula mtolo wofananawo, ndipo anali kumbali imodzimodziyo. Pa February 21, 1917, sitima yotchedwa Mendi, yonyamula amuna okagwira ntchito zamanja ku France, inagundidwa ndi sitima ina mu nkhungu pafupi ndi Isle of Wight. Amuna oposa 600 anafa m'madzi ozizirawo. Chikumbutso chawo chili kumanda a Avalon ku Soweto, monga momwe nsanja ya chikumbutso cha asilikali a King's African Rifles iliri ku Zomba. Nzachisoni kuti mbadwa za anthu ameneŵa kaŵirikaŵiri sizidziŵa kuti agogo awo anasenzera mfumu imodzi ya ku London.

Kodi Kumvera Kumachotsa Liwongo?

Mwachiwonekere, mtengatenga womangidwa chingwe usiku sangaŵerengedwe mlandu wa nkhondo imene anasenzera zipolopolo zake. Chilungamo chimafuna kuti liwongo liyesedwe ndi ufulu umene munthu anali nawo. Nduna imene inasaina pangano inali ndi ufulu waukulu, msilikali wodzilembetsa chifukwa cha malipiro anali ndi wocheperapo, ndipo wogwidwa anali wopanda uliwonse. Nangano mfumu ya mudzi imene inapereka mayina powopa kulandidwa ufumu? Mlandu wake ngwovuta kugamula, pakuti inali yokakamizidwa ndi yokakamiza panthaŵi imodzimodziyo.

Komabe, ngakhale m'masiku amenewo analipo amene anaona kuti mdaniyo anali wochita kupatsidwa. Mu November 1914, mbusa John Chilembwe wa ku Providence Industrial Mission m'boma la Chiradzulu analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Mfundo yake inali yakuti amphaŵi anali kuitanidwa kukafera mlandu umene sunali wawo, kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Boma linaletsa kalatayo kufalitsidwa. Pamfundo imeneyi iye analondola. Koma pa January 23, 1915, otsatira ake anatenga mikondo, napha William Livingstone, woyang'anira munda wa ku Magomero wodziŵika ndi nkhanza, limodzi ndi Azungu ena aŵiri. Boma linabwezera mwa kupha Aafirika ambiri koposa, ndipo Chilembwe iyemwini anawomberedwa pa February 3. Amalaŵi amamlemekeza monga ngwazi. Chikhalirechobe, nkhani yake imasonyeza kuti kukana mdani wopatsidwa kumasiya funso lina lolemera: kodi munthu achitenji ndi amene wamlakwiradi?

Tsopano bwererani ku Diepsloot. Madandaulo a anthu a kumeneko saali ongopeka. Ulova ngwaukulu, nyumba nzopanikizana, ndipo upandu wausiku wapha ambiri. Munthu amene mbale wake waphedwa ndi mbala ali ndi chifukwa chabwino chofunira chilungamo. Koma pamene wina aimirira pamsonkhano nanena kuti vuto ndilo alendo, iye akuchita zimene mapangano a 1914 anachita: akupereka mdani wosadziŵika nkhope, wozindikiridwa kokha ndi mbali ya malire imene anabadwira. Kusiyana kwake nkwakuti womvetserayo samangidwa chingwe. Palibe mesenjala wa boma amene amamgwira usiku. Iye angathe kubwerera m'nyumba mwake ndi kutseka chitseko, chinthu chimene mtengatenga sakanatha kuchita.

Mu April 2022, pambuyo pa zionetsero zodandaula za upandu, kagulu ka anthu kanayenda khomo ndi khomo usiku ku Diepsloot. Mwamuna wina wa ku Zimbabwe, tate wa ana, anamenyedwa ndi kutenthedwa kufikira imfa. Pamakomo amene kaguluko kanagogoda, chimene kanali kufuna kuona chinali mapepala osonyeza dziko la munthu.