Mdindo ndi Malipoti a Mgodi

Ife a m'chigwa cha Shire tidziwa kuti nthaka yathu imabisa chuma. Ku Ngabu anthu amakumba miyala yabuluu yotchedwa agate, ndipo ku Mwabvi kuli malasha. Tsono tiyerekeze mbale wathu wina amene wagulitsa thonje, natumiza ndalama kwa mwana wake ku Johannesburg kuti amgulire masheya m'kampani yofufuza dayamondi. Kuyambira tsiku limenelo iye adikira malipoti a kampaniyo pa foni m'mawa ndi madzulo. Kodi mbale ameneyu ndi mdindo wanzeru, kapena ndi wotchova juga?

Tiyambe taona mmene ntchitoyi imayendera. Ofufuza amasefa mchenga wa m'mitsinje kufuna timiyala tosonyeza kuti pafupi pali thanthwe lotchedwa kimberlite, limene limatulutsa dayamondi kuchokera pansi pakuya. Akalipeza amaboola, kenaka amaphwanya matani ambiri ndi kuwerenga makarati opezeka m'matani 100 alionse. Karati imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 5 a galamu. Mwa matanthwe otere 100, pafupifupi limodzi lokha ndilo limasanduka mgodi wopindulitsa. Chotero lipoti lakuti "tapeza kimberlite" likufanana ndi mtambo wa mu Okutobala. Likhoza kugwetsa mvula, likhozanso kupitirira.

Ku Botswana, thanthwe la Karowe linapezeka mu 1969, koma mgodi unayamba kutulutsa miyala mu 2012, ndipo mu 2015 unatulutsa dayamondi ya makarati 1,109. Pakati pa kupeza ndi kukolola panadutsa zaka zoposa 40. Kwina chiyembekezo chimathera m'misozi. Mu 1997 zinaululika kuti golide wa kampani ya ku Canada ya Bre-X, amene ankati ali ku Busang m'dziko la Indonesia, anali wochita kuwazidwa m'miyala yokayesedwa. Anthu zikwizikwi anataya zimene anasunga. Malipoti anali okoma, ndipo ambiri sanafune kufunsa.

Malembo saletsa kuchita malonda ndi chuma. M'fanizo la matalente, pa Mateyu 25, wodzudzulidwa ndi kapolo amene anakwirira ndalama ya mbuye wake. Koma tiyang'anitsitse Mateyu 13:44. Munthu wa m'fanizolo anagulitsa zake zonse atachipeza kale chumacho, atachiona ndi maso ake. Sanagulitse chifukwa cha mphekesera. Apa ndipo pagona kusiyana. Mdindo amawerenga lipoti kuti adziwe zoona, pamene wajuga amaliwerenga kuti amve zimene mtima wake ukufuna. Onse awiri agwira pepala limodzi, koma lipoti loipa likafika, mdindo amalilandira nasintha maganizo, wajuga amalikana nawonjeza ndalama.

Tikumbukirenso kuti ndalamazo si zathu. Ngati taikamo ndalama ya sukulu ya ana, kapena ya chimanga cha mu Febuluwale, taika pachiswe moyo wa ena osawafunsa. Ife amene tinaona madzi osefukira a 2015 ndi namondwe Ana mu 2022 tidziwa kuti kangachepe kosungidwa m'nyumba kamapulumutsa banja. Mdindo amaika chokhacho chimene, chitatayika, ana adzadyabe, chakhumi chidzabwezedwabe, ndipo mkazi wake sadzamva nkhaniyo kwa anthu a kunja.

Yobu 28 atamanda luso la okumba migodi, kenaka afunsa kumene nzeru ipezeka, nayankha kuti ili m'kuopa Ambuye. Luso lowerenga makarati ndi labwino, koma silingatiuze pamene tiyenera kuima. Chimene chimatiuza ndicho kuopa Mulungu.

Zoti tikambirane: Dzuwa likalowa Lachisanu, kodi foni yokha ndiyo imapuma, kapena mtima wathu nawonso umasiya kuwerenga makarati? Kodi ndi lipoti lotani limene lingatichititse kuvomera kuti tinalakwa?